Mpando wa Pawindo

"Musaigwire ndi manja! Tengani mtengo!"

Mawu amenewo ndinawamva ndisanafike n'komwe pabwalo pa a Rakele. Ndinali nditasiya diresi la eni ake pamakina osokera n'kuthamanga ngati wina aliyense, chifukwa kwathu kuno kumapiri a Dowa mkuwo ukamveka sufunsa kuti kwagwanji, umakafunsira komweko. Anthu anali atazungulira chinachake pafupi ndi nkhokwe. Ndinasuzumira pakati pa mapewa awo. Pafumbi panali ndege yoyera ya mzere wobiriwira, yotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, phiko limodzi litathyoka.

Ndinaidziwa. Ndikanalephera bwanji kuidziwa chikhalirecho inatha miyezi ikundilanda malo patebulo langa lodulira nsalu?

"Yatera ndi kamvulumvulu," ankatero a Elube, mayi amene nkhani iliyonse ya m'mudzi imayambira pakamwa pawo. "Ndaiona ndi maso angawa. Eni ake mafuta awathera m'njira."

Amuna anga, a Gregorio, anagwira ntchito zaka zambiri kubwalo la ndege ku Lumbadzi. Sanali oyendetsa ayi. Ankasesa m'kati anthu akatsika, kutola timapepala ta masiwiti ndi kupinda mabulangete. Mipando yonse ya m'ndege anaikhalapo, koma ndegeyo ili pansi. Atapuma pantchito n'kubwerera kumudzi, anzawo anayamba bawo, ena mowa, iwo n'kuyamba kusema ndege. Ankadula chiwale kudambo, kuchiumitsa, kuchisema ndi lezala mpaka chisalale. Mawindo ankadula ku mabotolo apulasitiki, matayala ku mapatapata akutha. Chilichonse ankachiyeza. Ukawauza kuti phiko lakhala bwino, ankakuyang'ana momvera chisoni n'kunena kuti lapendekeka. Zikatha ankazikoloweka m'chigafa chathu chakale cha fodya, n'kutchinga ndi mphasa kuopa fumbi ndi nkhuku. Ine ndinkangoti bola izi kusiyana ndi kachasu. Sindinaganizepo kuti anthu odutsa m'njira ankaziona mphasazo n'kumafunsana kuti mkuluyu amabisamo chiyani.

Tsiku limenelo ndege yoyerayi anali ataipaka penti yomaliza n'kuiyanika padenga la chigafa. Kamvulumvulu wa mu Okutobala safunsa mwini. Anainyamula, n'kudumpha nayo nyumba zonse zimene zinalibe vuto, n'kukaitula pakhomo pa a Rakele, mayi wamasiye amene mwana wawo mmodzi yekhayo, Luckness, anali gone m'nyumba. Mtsikanayo anali atatsokomola kuyambira nthawi yokolola, atawonda mpaka kutsala maso okha. Mankhwala a kugolosale analephera, a zitsamba analephera, ndipo anthu anali atayamba kale kunong'ona kuti matendawa ali ndi mwini.

A Agustino, mlongo wawo wa a Rakele, anatulukira ndi botolo la palafini. "Tiyambe tawotcha iyi. Mwini wake adziulula yekha, amva kutentha komwe aliko."

Ine mumtima ndinati ipse, ipse basi, nkhani ithere pomwepo. Ndinaluma mlomo kuti ndisatulutse mawu. Koma ndinali nditaiwala mtundu wa munthu amene ndinakwatiwa naye.

"Iyayi, iyayi, musaikankhe ndi mtengo, muthyola mchira!"

A Gregorio anafika ali wefuwefu, manja ali penti yokhayokha. Anthu anawapatukira. Iwo sanaone nkhope ya munthu aliyense, sanaone palafini. Anagwada pafumbi paja, n'kuinyamula ndege ija ngati khanda, n'kuyamba kuiuzira fumbi.

"Ndi yanu?" anafunsa a Agustino motsitsa mawu.

"Ndi yanga, eya. Taonani phikoli, ntchito ya mwezi wathunthu."

Ndinamva mayi wina kumbuyo kwanga akuti, "Wavomera yekha." Ndinakankha anthu n'kukaima pafupi ndi amuna anga.

"Abale, ichi n'chidole," ndinatero. "N'chiwale cha kudambo kwathu komweku. Mukufuna mukaone, zadzaza chigafa."

"Zadzaza chigafa!" anakuwa a Elube. "Mwamva? Si imodzi!"

Apo m'pamene a Rakele anayandikira. Anawerama, manja atawabisa kumbuyo, n'kusuzumira pa kawindo kamodzi. Anakhala choncho nthawi yaitali. Atadzuka, milomo yawo inali itayera.

"Amake Diana," anandiitana ndi dzina la mwana wanga, "nsalu ili pampando apoyo ndi ya diresi la Luckness. Lija munamusokera pa Pasaka."

Telala aliyense kwathu kuno amadziwa kuti nsalu ya munthu ndi munthu yemweyo. Zotsala umabweza kwa mwini wake, aone kuti sunasungeko kanthu. Ine ndinkabweza, kupatula tizidutswa tosakwana n'chala chomwe, timene ndinkasesera m'thumba kuti ndidzatenthe. Sindinadziwe kuti thumba limenelo linali ndi kasitomala wake.

"Abambo ake Diana," ndinafunsa, "mwatenga kuti nsaluyi?"

"M'thumba mwanu muja. Mpando wa ndege sukhala wopanda nsalu." Anayankha ngati ndawafunsa ngati mvula imanyowetsa. Kenaka, pofuna kuthandiza, anachita chinthu chimene chinanditha mphamvu: analowetsa chikhadabo pamsoko n'kuvundukula denga lonse la ndege ija.

M'kati munali mipando yondandana bwinobwino, uliwonse kukula kwake ngati njere ya nyemba, uliwonse ndi nsalu yakeyake. Amayi anayandikira, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi.

"Chitenje changa cha ku Mponela icho!"

"Yunifolomu ya kwaya!"

"Mayo, mudzi wonse uli m'menemo!"

"Taonani kutsogoloku," ndinachonderera. "Iyi ndi nsalu yanga, iyi ya Diana. Kodi munthu angayambe ndi a m'nyumba mwake?"

"Ndiye mmene amayambira," anayankha a Agustino, akutsegula botolo lija.

M'maganizo mwanga ndinaona nyumba yathu ikuyaka. Ndinaona makina anga ali phulusa, ife tili pamsewu wa ku Madisi ndi katundu pamutu, ngati tikanafikako n'komwe kumsewuko. Ndinayamba pemphero koma mawu ake anandithawa.

A Elube anali atasendera pafupi, khosi atalitalikitsa. Chidwi chawo chinali chachikulu kuposa mantha awo kuyambira kale. "Nanga yanga ili pati?"

A Gregorio anayang'anayang'ana, n'kuloza ndi kamtengo. "Nayi, kumbuyo kwenikweni kuno. Pafupi ndi chimbudzi."

"Chimbudzi? Muli chimbudzi m'menemo?"

"Ndege ingakhale yopanda chimbudzi? Ulendo wake wautali chonchija?" Anatenga singano pakolala ya malaya awo n'kutsegula nayo kachitseko. M'katimo munalidi kachimbudzi koyera, ndi chivundikiro chake chomwe.

"Ndiye anthu onsewa, ine ndi amene mwandiona woyenera kukhala kuchimbudzi?" A Elube anagwira m'chiuno. "Amake Innocent ali kutsogolo, ine kuchimbudzi? Ndinakulakwirani chiyani, a Gregorio?"

"Nsalu yanu inali yofiira. Kutsogolo kunafunika zobiriwira."

Wina anaphulika nako kuseka. Anayesa kudzigwira pakamwa, koma kunali kutatuluka kale, ndipo kunayenda m'gulu monse. Amayi omwe anathawa aja anabwerera, kukankhana kuti aone pamene aikidwa. A Agustino anaima ndi botolo lawo lotsegula, osadziwa polithira.

"Ine ndilimo?" anafunsa pomaliza, mokhala ngati sakufuna.

"Inu mulibemo. Mumasoketsa kwina."

Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Botolo lija linatsekedwa.

Koma a Rakele sanaseke. Anangoima, maso ali pa kampando kaja. Apo ndiye amuna anga anadzutsa mutu n'kuona nkhope ya munthu kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, ndipo ndinaona kuti tsopano azindikira. Anatenga lezala, n'kudula kampando ka Luckness patsinde, n'kukapereka ndi manja awiri.

"Pepani, mayi. Ine ndinangoona kukongola kwa nsalu."

A Rakele anatchera ngodya ya chitenje chawo kuti kampandoko kagwere momwemo, n'kumanga mfundo. "Mwana wanga akapita," anatero, "ndidzabwera kwanu. Ndipo sindidzabwera ndekha."

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinapita kwa a Elube. Ine sindikanatha kuuza a Rakele kuti atengere mwana kuchipatala, chifukwa chilichonse chochokera pakamwa panga chikanaoneka msampha. Ndiye ndinakapempha pakamwa pomwe paja panatsala pang'ono kutiwotchetsa. A Elube anandinyoza kaye za chimbudzi, kenaka anamanga chitenje n'kunyamuka. Sindidziwa zimene anakanena, koma kutacha ngolo ya a Agustino inatsika phiri kulowera kuchipatala cha ku Madisi, Luckness atagona pamatiresi.

Masiku otsatira ndimawakumbukira ngati matenda anga. Kuseka kuja kunatipulumutsa tsiku limodzi lokha. Palibe anabweretsanso nsalu. Kumjigo ndikafika, nkhani inkaduka. Ndikaona masamba aikidwa pamsewu kusonyeza maliro, ndinkasowa mtendere mpaka nditamva kuti wamwalira ndani, ndiye n'kumachita manyazi kuti mtima wanga wakhala pansi pa maliro a munthu wina. Sindinapempherereko mwana wa mnzanga ngati mmene ndinamupempherera Luckness, ndipo sindinama, theka la mapempherowo linali lodzipempherera ndekha.

A Gregorio anachotsa mphasa zonse kuchigafa kuti wodutsa aliyense aziona. Phiko lija analumikiza. Koma lezala anaiika pansi, osasemanso kanthu, ndipo pamene panali kampando kaja anangopasiya pali mpata. Ndinkawapeza atakhala, ndege ili pamiyendo, akuyang'ana mpatawo. Munthu amene ndinkamukalipira chifukwa cha zinyalala za chiwale m'nyumba, tsopano ndinkalakalaka atandidetseranso pansi.

Mvula yoyamba itagwa, m'mawa wina ndikusesa pakhonde, ndinaona a Rakele akukwera njira ya kwathu. Tsache linandigwa m'manja. Sindinayang'ane nkhope yawo, ndinayang'ana kumbuyo kwawo kuti ndione kuti abwera ndi angati.

Anabwera ndi mmodzi. Ankayenda pang'onopang'ono, kupumira pamwala uliwonse, diresi la pa Pasaka lija likumukhuthukira m'mapewa. Koma ankayenda yekha.

Ndinakhala pansi pomwepo, padothi lonyowa, n'kulira mokweza ngati mwana.

"Chinali chifuwa chachikulu," anatero a Rakele atakhala pamphasa. "Akuti mankhwala ake ndi a miyezi, koma achira. Akuti tikanachedwa pang'ono..." Kupepesa sanapepese, ndipo ine sindinakufune. Anangomasula mfundo ya pachitenje paja. Kampando kaja kanali katada ndi thukuta, nsalu yake itakwinyika.

A Gregorio anatuluka nayo ndege ija n'kuvundukula denga. Luckness anasuzumira, kuyang'ana mipando yonse, n'kuseka kenaka n'kutsokomola.

"Ndiye anzanga onse anatsala m'ndege, ine ndekha munanditsitsa?" anatero. "Mundibwezere, agogo. Pawindo pomwe paja, ndizionako kunja."

Amuna anga anadontheza guluu pampata paja. Koma manja awo, omwe ankatsegula chitseko cha chimbudzi ndi singano, tsiku limenelo ankanjenjemera. Kampando kanagwa, anakadzutsa, kanagwanso.

"Tabweretsani kuno," anatero a Rakele.

Anaikoka ndege ija n'kuikhazika pamiyendo pawo. Anaimika kampandoko pamalo pake, n'kukapanikiza ndi chala chawo cholimira, chong'aluka ndi khasu, ndipo anakhala choncho osasuntha, kudikira kuti guluu aume.