Zithunzi Zisanu za Felesta

Mu Novembala 1983, Felesta, mwana wa zaka zinayi, anali atatsokomola mwezi wathunthu, thupi likungotha. Bambo ake, a Yotam Jere a ku Edingeni, anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni, kumene ankawajambula pachifuwa ndi makina a ekisireyi chaka chilichonse. Poti anabwerako amoyo, ankakhulupirira kuti makinawo ndiwo ankawachiritsa.

Kuchipatala cha pa Boma anamujambula mwanayo n'kumupeza ndi chifuwa chachikulu. Namwino, mayi Marjory Nyirenda, anati agonekedwe miyezi iwiri akubayidwa jakisoni tsiku lililonse, kenako azimwa mapiritsi.

"Miyezi iwiri, alamu? Nanga fodya adzaoka ndani?" anatero a Bestone, mlamu wa a Yotam. "Jakisoni n'zonamizira amphawi. Makina aja amawotcha matenda. Mujambulitseni kangapo, mbwenu wachira."

A Yotam anamutulutsa mwana tsiku lachitatu. Zaka zimenezo khadi la chipani tinkalisunga ngati diso, koma la kuchipatala linkathera kukoleza moto. Anayamba kuzungulira zipatala zina, mpaka ku Kasungu, kulikonse akunena kuti mwanayo sanajambulidwepo. Akapatsidwa chithunzi kuti akaonetse kwa adokotala, ankatulukira nacho pageti, mtima uli m'malo.

Mu Malichi anabwerera pa Boma, Felesta ali kumsana, wopepuka ngati mtolo wa mapesi. Mayi Nyirenda anamasula zithunzi zimene zinakulungidwa m'nyuzipepala, n'kuziwerenga.

"Zisanu? Adada, mankhwala anamwa kangati?"

A Yotam anaulula kuti chitulukire m'chipatala muja, ankangomujambulitsa basi.

"Makinawa ndi maso chabe, sachiritsa. Kodi simunaone kuti wojambula amabisala kuseri kwa khoma? Mumati akuthawa chiyani? Cheza cha makinawa n'champhamvu chomene, ndipo thupi la mwana n'lanthete. Chikachuluka chikhoza kudzayambitsa khansa mwana atakula. N'chifukwa chake sitijambula popanda chifukwa."

"Ndamva, amama. Koma mumujambuleko kamodzi kokha, ndapota."

"Ayi. Zonse zofunika tinaziona mu Novembala. Chimene chinasowa ndi jakisoni."

Anamubaya tsiku lomwelo, koma matenda anali atadya mapapo onse awiri. Felesta anamwalira patapita masiku asanu ndi anayi. Fodya chaka chimenecho anachita bwino kwambiri.

A Yotam akadali moyo, ndi nkhalamba tsopano. Pa maulendo onse aja ankadutsa pakhomo pa wojambula zithunzi wa pamsika, koma sanalowepo ndi mwanayo. Adzukulu akafunsa kuti azakhali awo, a Felesta, ankaoneka bwanji, amatsegula sutikesi ya ku Joni, n'kutenga chithunzi chimodzi, n'kuchikweza kudzuwa. Chimaoneka ndi tinthiti tokha.

Phunziro: Kujambula kumaonetsa matenda, sikuchiritsa. Lero kuli makina a CT sikani, amene cheza chake chimaposa kutali cha ekisireyi, koma makolo ena amawakakamira ngati mmene ankachitira a Yotam. Adokotala akanena kuti mwana ajambulidwe, musakane, koma funsani chifukwa chake komanso ngati cheza achichepetsa molingana ndi msinkhu wa mwanayo. Musabise kuti anajambulidwapo kale, sungani buku lake la kuchipatala, ndipo mankhwala amwe mpaka kumapeto.