Zotola za Mayi Ivy

Clive anaponya botolo lina m'thumba la zinyalala, ndipo linasweka mwaphokoso moti Lorna, mlongo wake, anatuluka kukhitchini ketulo ili m'manja.

"Iwe, ukutani?"

"Ntchito imene tabwerera. A khonsolo, eni nyumbayi, akufuna makiyi awo, wamva wekha."

"Ndiye mpaka kuswa?"

"Ndi misomali yadzimbiri, Lorna. Misomali basi."

Mayi awo, Ivy Scammell, anali ataikidwa m'manda dzana lake, koma nyumba yawo ya ku Rotherhithe inali ikununkhabe matope. Pamawindo, pamwamba pa kabati, ngakhale kubafa, panali mabotolo a jamu odzaza ndi zimene mayiwo anatola m'mphepete mwa mtsinje wa Thames moyo wawo wonse: makaliwo adothi osutira fodya, mapini, mabatani, mikanda, mapale a mbale za anthu amene anafa kalekale. Madzi a mtsinjewo akaphwa, poti amadzaza ndi kuphwa tsiku lililonse kutsatira nyanja, iwo ankavala jombo, kutsika masitepe a ndere, n'kumayenda chowerama mpaka madziwo atayamba kubwerera. Mtima wawo unaimira komweko. Anzawo otola nawo anawanyamula kupita nawo kumtunda madzi atawafika kale m'mapazi.

Bambo awo, a Wilfred, anali khale pampando pafupi ndi zenera, juzi atavala chotembenuza. Ng'ala inali itawadya maso onse awiri. Mayi Ivy ndiwo ankawawerengera mankhwala, kuwadulira nyama m'mbale, ndi kuwauza amene wawapatsa moni mumsewu. Chichitikire malirowo palibe anali atawauza za juziyo.

Lorna anawaikira tiyi m'manja, n'kutembenukira mchimwene wake.

"Sankha zina zoti apite nazo."

"Apite nazo kuti? Kunyumba ya okalamba kuja kachipinda kake ndi bedi, kabati, mpando, kwatha. Ukufuna azigona pa mabotolo?"

"Bwanji osawatenga iweyo? Ku Leeds kuja uli ndi chipinda chongogona galu."

"Ine ndi mkazi wanga Pauline timachoka m'mawa n'kubwera kutada. Azikhala ndi galuyo? Iwe ndiwe uli pafupi."

"Ine ndi ana atatu m'zipinda ziwiri. Ndiwagoneka kuti, kubafa?"

"Ndine wakhungu, ana inu," anatero a Wilfred. "Kugontha sindinayambe."

Lorna anamva manyazi akumutentha kumaso. Iye anali atalira kale za nkhaniyi m'basi, m'chimbudzi cha kuntchito, paliponse pamene ana ake sakanamuona, koma misozi sinawonjezere chipinda.

Clive anatola kaliwo wothyoka pansi n'kumuyang'ana monyansidwa.

"Mukudziwa chimene chikundiwawa? Munthu wamkulu ngati uja, dokotala atamuletsa, n'kukafera m'matope chifukwa cha zinyalala izi. Ngakhale pa ukwati wanga anafika mochedwa, matope ali m'miyendo. Amvekere, mtsinje sudikira munthu. Nanga ife tinali chiyani?"

"Unali m'magazi mwawo," anatero Lorna. "Agogo awo a Nell anakulira m'matope omwewo. Kamwana kosavala nsapato, m'chisanu, kutola malasha ogwa m'mabwato kuti kunyumba agule buledi."

"A Nell ankatola chifukwa cha njala. Amayi njala yake inali iti?"

Lorna nayenso anali atadikirapo pachipata cha sukulu mvula ikumuvumba, ana onse atapita, chifukwa tsikulo madzi anaphwa masana.

Madzulo amenewo anadya nsomba ndi tchipisi za m'pepala, aliyense maso ali pa chakudya chake. Clive sanaswenso botolo, koma ankawalongedza m'makatoni mosasamala, ndipo Lorna sanafunse kumene makatoniwo apite. Iye ankapinda malaya a bambo ake n'kumaika m'sutikesi, akulemba dzina lawo pakolala iliyonse monga a kunyumba ya okalamba analamulira.

Kutacha, sutikesi ili kale m'galimoto ya Clive, a Wilfred anakana kukwera.

"Madzi aphwa m'mawa uno. Ndaumva mtsinje, wakhala chete. Munditengere kaye kumasitepe."

"Adadi, anthu aja akutidikira," anatero Clive.

"Adikire. Ndikupita kukakhalitsa. Lorna, pansi pa sinki pali chitini cha mabisiketi. Bwera nacho."

Kunja kunali kamvula kowaza, ndipo thambo ndi madzi zinali mtundu umodzi, wa phulusa. Masitepewo anali poterera. Lorna anagwira bambo ake dzanja limodzi, Clive lina, akutukwana chapansipansi chifukwa anali atavala nsapato zake za kuofesi. A Wilfred, amene unyamata wawo wonse anagwira ntchito m'mabwato a katundu pamtsinje womwewu, ankatsika ngati mwana wophunzira kuyenda, phazi likufufuza sitepe iliyonse.

Pansi panali miyala, njerwa zosweka, zigoba za nkhono ndi matope akuda. Chapatali munthu wina anali chowerama ndi ndowa yake. Atawaona anavula chipewa, osayandikira.

"Ndi pano anagwera mayi anu?" anafunsa a Wilfred.

Lorna anati, "Chauko pang'ono, adadi. Pafupi ndi mizati ija."

Mkuluyo anagwedeza mutu, koma sanapemphe kupita kumeneko. Anatsegula chitini chija. Lorna anali asanaonepo za m'katimo. Sizinali misomali. Munali makaliwo athunthu, mikanda yabuluu, kabelu kakang'ono kamkuwa, ndi makobidi amene nkhope za mafumu ake zinali zitafufutika.

A Wilfred anagwada movutikira, bondo limodzi m'matope. Anapapasa pansi mpaka anapeza pofewa pakati pa miyala, n'kukanikizirapo kaliwo mmodzi, kusiya kukamwa kwake kokha kukuonekera. Anasuntha pang'ono, n'kuchitanso chimodzimodzi ndi mkanda.

"Ndiye mukutaya nokha?" anatero Clive. "Dzulo ine ndimaoneka mfiti."

"Sindikutaya. Mayi anu ankachita zimenezi akamachoka. Pano pafupi ndi masitepe m'pamene amathera ana ndi alendo, amaopa kupita kutali. Pamalo pano anthu anakunkha kalekale, palibe chimene chinatsala. Ndiye iwo ankati munthu akabwera koyamba n'kubwerera chimanjamanja, sabweranso, ndipo amapita akuganiza kuti iyeyo ndi wopanda mwayi." Anapukuta dzanja pathalauza. "Chitinichi anandiuza kuti n'cha nyengo yozizira ino. Sanachiyambe n'komwe."

Lorna anayang'ana kumbali. Clive, madzi a mvula akutsetsereka m'khosi mwake, analankhula, mawu ake atatsika.

"Ndili mwana ndinabwera nawo kamodzi. Ndinapeza kaliwo wathunthu, wosema nkhope ya munthu wandevu. Ndinapita naye kusukulu, kalasi yonse inandiunjirira. Ndinamupeza ndekha ameneyo."

"Unamupeza wekha, inde," anatero a Wilfred. "Koma mayi ako anabwera kunyumba msana ukuwawa. Akuti anakuzungulitsa pamalo amodzimodzi mpaka anatsala pang'ono kukugwira mutu n'kukulozetsa."

Lorna anaseka, kuseka kwake n'kusanduka kulira. Clive sanaseke. Anayang'ana mtsinje, umene unali utayamba kubwerera mwakachetechete, ukunyambita miyala yakutali.

"Tiyeni, adadi," anatero Lorna akupukuta maso. "Madzi akubwera."

"Zatsala zambiri m'chitinimu, ndipo bondo langa lakana."

Clive anawalanda chitinicho. Anakwinya thalauza lake labwino lija, n'kunjuta m'matope. Anasankha kabelu kamkuwa kaja, n'kukakankhira pansi ndi chala chachikulu mpaka kanabisika konse.

"Usakwirire konse, pena pazioneka," anatero bambo ake, ngati akumuona. "Ena maso awo ndi ofooka."

Clive anafukula pang'ono ndi chikhadabo, n'kupukuta mbali imodzi ndi mkono wa malaya ake mpaka mkuwawo unawala.