Mapazi Makumi Anayi

"Bwera nacho kuno chipepalacho," anatero aMarita, akusonkhezera moto wa zinyalala kuseri kwa nkhokwe.

Kumeta kunali dzulo lake. Mdzukulu wawo Rafaelo, amene ankaphunzira zokonza mapulani a nyumba ndi misewu ya m'tauni, chibayo chinamutengera patchuthi. Zovala zake abale anali atagawana. Chinatsala ndi chipepala chokulunga, chachitali ngati munsi, ndipo Jestina, mlongo wa malemuyo, anachikumbatira pachifuwa.

"Agogo, ndi ntchito ya achimwene iyi."

"Ntchito! ABartholomew a ku Lobi anawatengera chiyani? Si kakalata kamodzi? Mpaka lero sitidziwa kumene ali. Nanga ichi chojambula mudzi wonse, nyumba ndi nyumba? Ayufi a chipani akachiona adzati tikupangana zoukira boma. Ndaika mmodzi m'dothi, ndikutayenso iwe?"

Anayang'ana kunjira, kenako kumpanda. Ndani akudziwa amene akumva masiku ano?

"Muchione kaye, ndiye muotche," anatero Jestina, akuchiyala pansi ndi kutsindira miyala m'makona.

AMarita anangoona timabokosi ndi mizere ngati mapazi a nkhuku.

"Iyi ndi nyumba yanu. Akuti khomo litembenuke, lifulatire mphepo ya kuphiri, chifuwa chanucho chileke. Uku ndi kudambo kumene mumatunga. Alemba mapazi mazana asanu ndi atatu."

Nkhalambayo inasiya chikuni. Inakumbukira m'mawa wina wa chisanu, Rafaelo akuilondola kumbuyo, milomo ikugwedera yokha. "Iwe, leka kung'ung'udza panjira, anthu adzati sukulu yakuzunguza mutu!" Iye anangoseka, n'kulanda ndowa.

"Nanga kadontho aka?"

"Chitsime chatsopano, cha mudzi wonse. Kuchoka pakhomo panu kulowera kumtengo wa pichesi, mapazi makumi anayi."

"Pinda. Anthu angaone."

Jestina anapinda, koma aMarita sanatambasule dzanja kuti achilandire. Anapita pakhomo pawo, anayang'ananso kunjira, n'kuyamba kuyenda akuwerenga chamumtima. Pa makumi anayi panalibe kanthu. Mapazi a mnyamata ndi aatali, anaganiza motero, napitirira pang'ono. Chala cha kuphazi chinagunda chinthu mu udzu: chikhomo cha bulugama, chosongoledwa bwino, chokhomedwa mpaka m'khosi.

Anagwada, n'kuyamba kuzula udzu mozungulira.

"Jestina, zimitsa motowo," anatero chapansipansi. "Chipepalacho ukachisomeke kudenga, pamwamba pa mphasa yanga. Ndipo usauze munthu."