Kiyi wa Achimwene Yotamu

Ndinalota ndili ku ofesi kwathu ku Ginnery Corner, dzuwa lili paliwombo, ndikumalizitsa pulogalamu yomwe ndakhala ndikulemba zaka ziwiri. Ilibe zithunzi zodina. Munthu amangolemba lamulo pa sikirini yakuda, iyo n'kuyankha. Ntchito yake ndi kusunga makiyi achinsinsi omwe aphunzitsi a ntchito zamanja amasainira masatifiketi a pakompyuta, kuti wolemba anthu ntchito athe kuona ngati satifiketi ndi yeniyeni.

Kumbuyo kwa ofesi kunalibe khoma. Pamalo pake pankadutsa mtsinje wa Mudi, madzi ake ali mbee, miyala ikuoneka pansi. Anzanga ankangokweza miyendo madzi akamadutsa kunsi kwa madesiki, n'kumapitiriza ntchito.

Achimwene Yotamu anawoloka mtsinjewo atavala ovololo yawo ya buluu, magalasi owotcherera ali pamphumi. Anamwalira chaka chatha. Ali moyo ankaphunzitsa kuwotcherera zitsulo ku Chirimba, ndipo ndiwo anali oyamba kuvomera kuyesa pulogalamu yangayo ena onse akuikayikira. Anakhala pampando wa alendo, osanyowa ngakhale pang'ono.

"Mwaswera bwanji, achemwali?" anatero. Kale ankangondiitana kuti iwe Nda, chidule cha Ndaziona.

"Ndaswera bwino, kaya inu, achimwene?"

"Ndabwera pa nkhani ya kiyi wanga. Akadali moyo."

Zinali zoona. Kiyi wa munthu womwalira amayenera kuchotsedwa, chifukwa wina atam'peza angathe kusaina zabodza m'dzina la malemuyo. Ine ndinali nditazengereza miyezi khumi ndi umodzi. Ndinatsegula dilowa. Kiyiyo anali momwemo, wachitsulo, wofunda, akupuma pang'onopang'ono ngati mwana wa mbuzi ali m'tulo.

Ndinalemba lamulo lokhalo lomwe ndinali nditakonzera kiyi wa womwalira: fufuta yotamu.

Sikirini inatsokomola kaye. "Pepani, mayi," inatero ndi mawu a munthu wowerenga nkhani pawailesi. "Ndikafufuta, zonse zomwe kiyi ameneyu anasaina zikhala zopanda umboni. Eni ake ali panjapa."

Ndinacheuka. Tsidya la mtsinje kunali anthu makumi anayi ndi awiri atandanda pamzere, ophunzira onse a achimwene, aliyense atagwira geti lachitsulo lomwe anawotcherera yekha. Chala changa chikamayandikira batani, molumikiza magetiwo munkayamba kumasuka. Patsogolo panali Feliya Chikakuda, mayi wa ana awiri, yemwe achimwene ankamutama kuti ali ndi dzanja losanjenjemera.

"Lolemba andiitana ku kampani ina ku Makata," anatero Feliya. Sanakweze mawu, koma ndinamumva ngati ali pambali panga. "Akakafunsa kompyuta za ine, ikawauza chiyani?"

"Ikawauza kuti sikukudziwani," ndinayankha. Manyazi anandigwira. Nthawi yonseyi ndinkaganiza za mbava, osaganizako za imfa.

"Chotsani chala pamenepo," anatero achimwene. "Ku shopu yowotcherera, munthu akamwalira timazimitsa makina ake. Mageti omwe anapanga sitipita kukawazula m'makomo mwa anthu. Lembani lamulo lina."

"Litchedwe chiyani?"

"Likhale lalifupi. Anthu anga amalemba atavala magolovesi."

Ndinalilemba pomwepo, zilembo zikuthetheka m'zala ngati mbaliwali za moto. Ndinalitcha tseka. Kiyi asasainenso kanthu kuyambira nthawi yakutiyakuti, koma zonse zomwe anasaina nthawiyo isanakwane zikhalebe zoona. Achimwene anawerenga mzere uliwonse akuloza ndi chala. Pomwe ndinalemba kuti "Cholakwika 14" anaima, n'kundiuza kuti ndiikepo mawu omwe munthu wotopa angamve. Ndinasintha.

Kenako ndinalemba: tseka yotamu.

"Kuyambira liti?" inafunsa sikirini. "Tsiku ndi ola."

Tsiku ndinkalidziwa. Ola sindinkalidziwa. Pomwe achimwene ankamwalira kuchipatala, ine ndinali pa desiki yomweyi, foni nditazimitsa kuti ndimalize ntchito, ndipo sindinalimbepo mtima kuwafunsa alamu anga, akazi awo. Kamzere ka pa sikirini kankangophethira, kudikira. Madzi anafika m'mawondo.

"Inali folo koloko madzulo, ana a sukulu akudutsa panja pa zenera," anatero achimwene. "Ndinali nditamwa tiyi. Sindinkayang'ana kukhomo kukudikirani, achemwali. Ndinkadziwa komwe munali, ndipo ndinkakondwa nako."

Ndinalemba olalo, n'kudina batani.

Kiyi uja anapuma kotsiriza m'dzanja langa, n'kuzizira mwakachetechete. Tsidya lija mageti onse anaima nji. Feliya anawoloka woyamba, n'kuika satifiketi yake patebulo. Ndinalemba tsimikiza feliya, sikirini n'kuyankha kuti, "Ndi yeniyeni. Anasaina ndi Yotamu Mlenga ali moyo." Feliya anandigwira chanza ndi manja awiri, n'kusenza geti lake pamutu ngati mtolo wa udzu. Wachiwiri anali atayamba kale kuwoloka.

"Zikomo, achimwene," ndinatero. "Lamuloli sindikanaliganiza ndekha."

"Zikomo inunso. Tsopano ndilibe chondibweza."

Anaimirira, n'kubwezera mpando pamalo pake monga ankachitira m'nyumba ya aliyense. Atafika m'mphepete mwa madzi anatsitsa magalasi kumaso. Kunabwera kuwala kothobwa m'maso ngati kwa makina owotcherera, ndipo ndinatsinzina monga anandiphunzitsira ndili mwana.

Nditatsegula maso kunali kutacha, ndili pabedi langa ku Chilomoni, mvula ikuwaza padenga. Ndinalemba lamulolo pakapepala lisanandithawe. Kenako ndinatenga foni kuti ndiwafunse alamu ngati inalidi folo koloko. Foni ikuitana, ndinaganiza kuti ntchito yanga yonse ndi yotsimikiza zonena za anthu, koma ichi chokha ndichisiya chomwecho. Alamu atayankha, ndinangowafunsa ngati ndingabwere Loweruka kudzaona ana.