Chiguduli cha m'Paipi

Aliyense wogwira ntchito pa nyumba za eni ali ndi kachikole kake. Kalipentala amasunga makiyi, wamagetsi amasiya waya mmodzi osalumikiza. Ife apulambala timamanga chiguduli ndi waya, n'kuchikankhira mkati mwa paipi yotulutsa madzi oipa, nsonga ya wayayo n'kuibisa m'kadzenje ka simenti kuseri kwa nyumba. Akakulipira, umapita ngati ukukayendera ntchito, n'kusolola. Sindikunena kuti n'zabwino. Amene anandiphunzitsa ntchito anandiphunzitsanso zimenezi, ndipo kwa zaka makumi awiri ndinali ndisanazichitepo, mpaka pa nyumba ya mayi wina, mphunzitsi wopuma pantchito.

Kontilakitala wa nyumbayo anali mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono. Amisiri tinam'patsa dzina loti Lachisanu, chifukwa ndilo tsiku limene ankalonjeza kulipira aliyense. Malachisanu ankabwera n'kupita, lake lokha ndilo silinkafika. Ine anandidyera masuku pamutu kawiri: thukuta langa la miyezi itatu, ndiponso mapaipi amene ndinakatenga pangongole ku hadiweya m'dzina langa, poti chibale. Tsiku lomaliza ntchito ndinapsa mtima, ndinatenga chiguduli n'kuchita zija.

Ndinkaganiza kuti andilipira asanapereke makiyi. Anapereka makiyi osandiuza. Nditamva kuti mwini nyumba walowa, ndinati zili bwino, madzi akabwerera amuimbira foni Lachisanu, ndipo Lachisanu andifunafuna yekha atagwira envulopu. Sanandifune. Nanenso ndinauma mtima, sindinapiteko.

Patatha miyezi inayi tinakadandaula ku bungwe lopereka malaisensi kwa omanga. Tinalipo anayi: ine, wowotcherera amene anapanga mawindo, woika matailosi, ndi mwini hadiweya, yemwenso Lachisanu anali naye ngongole. M'mawa wa tsiku la mlandu mlongo wanga anandipeza ndikupukuta nsapato.

"Achimwene, mukamulanditsa laisensi, ana aja adya chiyani?" anatero. "Chibale ndi fupa, sichiola."

"Mlandunso suola, mlongo," ndinayankha. "Nanga angawa akudya chiyani?"

Anachoka osatsanzika.

Chipinda cha bungwecho chinali pamwamba, chokhala ndi tebulo lalitali ndi mipando yapulasitiki. Kuseri kwa tebulo kunakhala anthu atatu, pakati pawo wapampando, mayi wamagalasi wosaseka. Lachisanu anabwera atatchena suti, ndipo atapatsidwa mpata anayankhula mofatsa ngati m'busa.

"Amayi wapampando, sindikukana kuti sindinawalipire. Koma ntchito yawo ndi yosalongosoka. Mapaipi anaikidwa molakwika, ndiye pafunika kuswa matailosi, kukumba pansi, kugula zipangizo zina. Ndalama ndazisunga kuti ndikonzere zimenezo. Funsani eni nyumba, ali pano."

Ndi pamene ndinawaona mayi aja, atakhala kumbuyo, chikwama pamiyendo. Anaimirira n'kuonetsa malisiti: iwo anam'lipira kontilakitala ndalama zonse, mpaka yomaliza. Kenako anafotokoza za madzi. Anati akangotsegula mpope kubafa, madzi akuda amabwerera n'kudzaza pansi mpaka m'khonde la m'nyumba. Anati amuna awo anafa ziwalo mbali imodzi, ndiye amawasambitsira m'beseni kuchipinda, madziwo n'kumakataya panja ndi ndowa, katatu patsiku, kwa miyezi inayi. Sanalire, sanakweze mawu. Anangoti msana wawo wayamba kuvuta.

Nthawi yonseyi ndinkaganiza za Lachisanu, nkhope yake, suti yake. Sindinaganizepo za munthu wonyamula ndowa.

Wapampando ankalemba uku akugwedeza mutu, ndipo zinaonekeratu kuti nkhani ya mlamu wanga ikumveka. Wowotcherera anandiyang'ana, woika matailosi anandiyang'ananso. Ndalama zawo zinali kupita chifukwa cha ntchito imene ankakhulupirira kuti ndinalakwitsa. Koma chiphaso changa cha upulambala chimachokeranso ku bungwe lomwelo, ndipo ndinkadziwa kuti ndikatsegula pakamwa ndadziwotcha ndekha. Ndikanatha kukhala chete, n'kupita mwakachetechete kukasolola, osadziwika. Koma mlandu ukanakhala utatha, Lachisanu atatuluka akumwetulira.

Ndinaimirira.

"Amayi wapampando, mapaipi ali bwinobwino. Palibe chofunika kuswa. Muli chiguduli, ndipo ndinaikamo ndine, chifukwa sanandilipire."

Wapampando anavula magalasi.

"Bambo, mukudziwa kuti mawu amenewa akhoza kukulanditsani chiphaso chanu?"

"Ndikudziwa, amayi."

Anatembenukira kwa Lachisanu. "Inu akontilakitala, pa miyezi inayi imeneyi, munatumako munthu aliyense kukaona vutoli? Munavundukulako kadzenje ka paipi kuseri kwa nyumba?"

Lachisanu anayang'ana nsapato zake. Kwa nthawi yoyamba chimudziwireni, analibe tsiku loti alonjeze.

Chigamulo sichinachedwe. Laisensi yake anaiimitsa kwa zaka ziwiri, ndipo sadzam'bwezera asanatilipire tonse anayi. Chiphaso changa anachiimitsa kwa miyezi isanu ndi umodzi. Pamasitepe ndinakumana ndi mlongo wanga, anandidutsa ngati chipupa. Zinandiwawa, sindinama, koma si zimene zinkandilemera kwambiri.

Masana omwewo ndinapita kunyumba ija. Amuna a mayi mwini nyumba anali pakhonde panjinga ya olumala, atafunditsidwa bulangeti m'miyendo, ndipo anandigwedezera mutu mwaulemu. Pafupi nawo panali ndowa ziwiri, zogwirira zake zitakulungidwa nsanza kuti zisamapweteke m'manja. Mayi aja ananditsogolera kuseri. Ndinavundukula kadzenje, ndinapapasa, waya ndinamupeza pomwe ndinamusiya. Ndinakoka. Chiguduli chinatuluka chakuda bii, chonunkha, ndipo madzi anathamanga m'paipi monga ndinawakonzera kuti azithamanga. Ntchito yonse sinakwane mphindi ziwiri.

Mayiwo anamvetsera madziwo kwa kanthawi, kenako analowa m'nyumba. Ndinadikira. Ndinali nditakonzekera kutukwanidwa, ngakhale kuthiridwa ndowa kumaso, ndipo ndikanati zandiyenera. Anatuluka atagwira kachikwama kawo, akutsegula zipi.

"Zikwana zingati, apulambala?"

"Ayi, amayi, chonde. Ine ndabwera kudzapepesa."

"Kupepesako ndamva," anatero. "Koma mwagwira ntchito pakhomo panga. Ine sindigona ndi thukuta la munthu."

Anatambasula dzanja, ndalama zitapindidwa bwinobwino. Ine ndinangoima, manja onse awiri ali pa chiguduli chija chikudonthera pa nsapato zimene ndinapukuta m'mawa. Ndinalibe dzanja lolandirira, ndinalibenso lokanira.