Makatoni Amene Selina Anasainira

Selina Nakhumwa anali atagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi ku Tigule Pamodzi, kampani yomwe inkagulira mankhwala zipatala zing'onozing'ono khumi ndi chimodzi za m'boma la Zomba. Pachokha chipatala chimodzi sichikanatha kuitanitsa katundu kunja, ndiye zonse zinkatumiza zofuna zawo, kampani n'kugula kamodzi n'kuzigawira. Malo a Selina anali pakhomo la nkhokwe. Katoni iliyonse yolowa ankaiyendera ndi iye, ndipo popanda siginecha yake sinkatuluka.

Okutobala wa chaka chimenecho kunatentha mpaka phula kumata kunsapato. Kwa masabata atatu zipatala zija zinalibe okisitosini, jekiseni amene amabaya mayi akangobereka kuti asataye magazi ambiri. Mafoni a anamwino sankadukiza.

Lachiwiri masana lole inafika ndi makatoni asanu ndi imodzi. Okisitosini amafuna pozizira ulendo wonse, choncho m'katoni iliyonse mumakhala kachipangizo kolemba mmene mwatenthera. Selina anakalumikiza ku kompyuta. Penapake pakati pa doko ndi Zomba filiji ya mu lole inali itazima, ndipo mankhwala anakhala motentha masiku khumi ndi asanu ndi anayi.

Anasindikiza zimenezi papepala n'kupita nalo kwa a Stafford Kalilombe, mkulu wa kampaniyo. Anali bambo wofatsa, woyankhula motsitsa, amene naye sankapuma ndi mafoni omwewo.

"Bwana, awa sindingawalandire. Mphamvu yake ikhoza kukhala itatha."

A Stafford anawerenga kawiri, n'kuvula magalasi.

"Ikhoza. Ikhozanso kukhala itatsala theka. Mukawabweza, ena abwera Disembala. Kodi azimayi amene ali ndi pakati lerowa adikira Disembala, mayi Nakhumwa?"

"Ndiye tiwauze anamwino, adziwe chimene akubaya."

"Mukauza namwino mmodzi, mawa nkhani ili kwa oyang'anira mankhwala, mkuja adzalanda zonse. Tidzatsala manja lende. Ine sindikukukakamizani, cholembera ndi chanu."

Selina anapita kwawo ku Zakazaka osasaina. M'mawa mwake anapeza mauthenga anayi pafoni, onse ofunsa chinthu chimodzi. Wina unali wochokera kwa Fyness, namwino wa pa kachipatala kena kuseri kwa Malosa, mnzake wa ku sekondale: "Achemwali, ndili ndi azimayi asanu odikira. Tithandizeni." Pofika naini koloko anali atasaina, ndipo Japhet, dalaivala wa kampani, anauyamba ulendo wogawa.

Sabata yoyamba kunali zii. Selina anayamba kuganiza kuti mwina a Stafford ankanena zoona. Tsiku la khumi, akudya mbatata yake pakhonde la nkhokwe, Fyness anaimba.

"Achemwali, okisitosini uja ali bwinobwino?"

"Bwanji?"

"Dzulo masana ndinachiritsa mayi wina, Ellah, mwana wachiwiri. Magazi atayamba ndinabaya kamodzi, kachiwiri, kachitatu. Ngati ndikubaya madzi. Ambulansi imafika atatisiya kale. Zaka khumi ndikubaya jekiseni ameneyu, sanandichitepo zotere."

Selina sanayankhe bodza, komanso sanayankhe zoona. Anangoti akubwera. A Stafford anali ku msonkhano ku Blantyre, ndiye anauza Japhet kuti alize galimoto, akatenge mankhwala aja m'zipatala zonse.

Anayambira pamwamba pa phiri la Zomba, pa kachipatala kothandiza mabanja a ocheka matabwa ndi ogulitsa zipatso. Kumeneko kunkawomba kamphepo kozizira, ngati dziko lina. Namwino wake, a Yvonne, mayi wachikulire, anamvetsera zonse ataima pakhomo la filiji yawo.

"Ndamva. Mukatenga, mundisiyira chiyani?"

"Pakali pano palibe, amayi."

"Ambulansi kuti ikwere kuno ndi maola awiri. Mayi akayamba kutaya magazi, ndizimuyang'ana m'maso? Ngakhale atakhala ofooka, ndibaya kawiri. Awa simutenga."

Selina anachonderera, koma a Yvonne sanasunthe. Zipatala zina zitatu zinakananso chimodzimodzi. Zina zinapereka, anamwino ake osamuyang'ana kumaso.

Kwa Fyness anafika tsiku lachiwiri, dzuwa litapendeka. Pabenchi lakunja panali bambo wina wachinyamata, wometa kumene mpala wa maliro, atanyamula khanda lokulungidwa m'chitenje. Ankaligwira mouma, ngati munthu wonyamula mazira a eni. Anali a Blaise, mwamuna wa Ellah, ndipo anabwera kuti namwino awaphunzitse kasungunulidwe ka mkaka wa m'chitini.

"Awa ndi a ku kampani imene imatibweretsera mankhwala," anatero Fyness, yemwe anali asanadziwe kanthu.

A Blaise anadzuka, n'kupinda mawondo pang'ono.

"Zikomo, mayi. A nesi anandiuza kuti mwezi wathawu kunalibe ngakhale jekiseni mmodzi, koma mkazi wanga anamubaya atatu. Munayesetsa. Inali nthawi yake basi."

Khanda lija linayamba kulira, bambo ake n'kukhalanso pansi. Selina analowa ndi Fyness m'chipinda cha mankhwala, natseka chitseko, n'kumuuza zonse: za filiji, za masiku khumi ndi asanu ndi anayi, za uthenga uja wa m'mawa.

"Unkadziwa," anatero Fyness. Aka kanali koyamba kumutchula kuti iwe chichokereni kusukulu.

"Ndinkadziwa kuti anatentha. Sindinkadziwa kuti..."

"Ukanandiuza, Ellah ndikanamutumiza kuchipatala chachikulu matenda asanayambe. Mwana woyamba anatayanso magazi. Ndinamusunga pano chifukwa ndinkati ndili ndi mankhwala."

Fyness anatulutsa mabokosi otsala m'filiji, n'kuwaika patebulo, natuluka kukaphunzitsa a Blaise za mkaka.

Lolemba lotsatira Selina analemba lipoti la masamba awiri, n'kulitumiza ku bodi ya kampani ndi kwa oyang'anira mankhwala. A Stafford atamva sanakalipe. Anangomuitana n'kumufunsa ngati akudziwa chimene chichitike tsopano. Iye anati akudziwa.

Pasanathe sabata mankhwala onse analandidwa, ngakhale aja a pamwamba pa phiri. Atawayeza anapeza kuti mphamvu yake inatsala yosakwana ndi theka lomwe. A Stafford anasamutsidwira ku ofesi ina. Selina anachotsedwa ntchito, poti papepala panali dzina lake lokha.

Okisitosini watsopano anafika pa 11 Disembala, mvula itayamba. M'masabata asanu odikirawo azimayi awiri anamwalira ndi vuto lomwe lija, mmodzi wa iwo kwa a Yvonne, m'filiji mulibe kanthu. Selina anamva zimenezi kwa Japhet, atakumana naye mumsika. Palibe amene akanamuuza ngati jekiseni wofooka uja akanawapulumutsa, ndipo iye sanafunse.

Patapita miyezi anapeza ntchito m'kasitolo ka mankhwala ku Chikanda, kogulitsa kwambiri mankhwala a mutu ndi a chimfine kwa ana a ku koleji. Selina anaimbirapo Fyness kawiri, koma foni sinayankhidwe. Tsiku lina Loweruka anakwera minibasi ya ku Malosa ndi cholinga chokauza a Blaise zoona zake. Atafika m'mudzi mwa a Blaise, anthu anamuuza kuti bamboyo anatenga ana onse awiri n'kupita kwa abale ake ku Mozambique, ndipo palibe amene ankadziwa dzina la mudziwo.