Wakuba Wopanda Dzina

Mayi atamwalira anatisiyira munda umodzi kuseri kwa msika wa Thuchila, ine Anesi ndi achemwali anga a Lines. Tinaugawa pakati, malire ake mzere wa chinangwa. Mbewu ya nandolo tinatapa m'chigubu chimodzi.

Chaka chatha nandolo wawo anabereka mochititsa kaso, koma pomenya munatuluka njere zofota, zopepuka ngati mankhusu. Wanga anadzaza matumba. Posakhalitsa mudzi wonse unamva kuti Anesi wakawa nandolo wa mchemwali wake, kuti ndinasamutsa zokolola zawo ndi mankhwala n'kuwasiyira makoko. Ine amene ngakhale pakhomo pa sing'anga sindipadziwa.

Ndinalowa m'munda mwawo dzuwa likuswa mtengo, kuti aliyense andione. Pa makoko otsalira panali tizirombo tofiira ta madontho akuda, titabaya timilomo tawo tonga singano. Ndinatitolera m'botolo n'kupita nato kwa a Bizwick, alangizi a zaulimi.

Anayang'anitsitsa tizirombo tija, n'kutijambula pa foni. "Timayamwa njere zili m'khoko, mayi. Koma mtundu uwu sindikuudziwa. Tizirombo totere anthu sanatifufuze kwenikweni."

Achemwali ndinawapeza akupeta pakhonde. Ndinaika botolo lija patsogolo pawo.

"Achemwali, wakuba wanu ndi uyu."

"Dzina lake ndani?"

"Alangizi akuti sakulidziwa."

"Nankafumbwe ndimamudziwa, nunkhadala ndimamudziwa. Ndakalamba khasu lili m'manja, ndiye chinthu chotha munda wa nandolo chingakhale chopanda dzina? Tenga ziweto zakozo, Anesi."

Ziweto zanga. Chopanda dzina sichizengedwa mlandu, pamene ine dzina ndinali nalo, losavuta kutchula. Moni anasiya kundipatsa, ana awo anawaletsa kudya kwathu. Ndisaname, zinandiwawa kuposa maliro a mayi, chifukwa mayi sanachite kufuna kundisiya.

Chaka chino tizirombo tija tawoloka mzere wa chinangwa. Nandolo wanga yense wafota, ndiwo ndi sopo zapita pomwepo. Mulungu andikhululukire, ndinasangalala. Ndinadzaza makoko m'lichero n'kuthamangira kwawo ngati mwana, ndikuti lero ndipezanso m'bale wanga.

Anafinya khoko limodzi, kenako lina, osandiyang'ana kumaso.

"Zakubwerera," anatero. "Mankhwala ukaphonya chizimba chake amadya mwini."

Anandibwezera lichero lija ndi manja awiri, monga amachitira kwa mlendo, n'kutseka chitseko.